Liwu limodzi pa pepala la a Layisoni

Ana anga, Selina ndi Zeka, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga, poti tsopano ndinapuma ndipo chatsala n'kupukuta fumbi la malasha pa mipando ya pakhonde. Za ubwana wanga ndinakuuzani kale pakamwa. Pano ndiyambira pa malo oyamba amene ananditumiza kukayang'anira anthu. Sindikudalira mutu wokha ayi. Kuyambira ndili ku sekondale ndinkalemba za tsiku lililonse m'kaderunu, ndipo chizolowezicho sichinandichoke. Ndikamawerenga makaderunu a zaka zimenezo ndimamusowa mtsikana amene ankalembayo. Ankakhulupirira kuti munthu akangofuna kuchita bwino, basi achita bwino.

Febuluwale 1996

Ndinali nditaphunzitsa zaka zinayi muno mu Moatize pamene a shefi Albino, amene ankayang'anira mashikola a dera lathu, anandiitanitsa. Anali bambo wamfupi, wosasiyana ndi cholembera kukhutu. Ankalankhula Chipwitikizi chokhachokha pa ntchito, koma akakondwa kapena akapsa mtima Chinyungwe chinkatuluka chokha.

"Chinyanja mumachidziwa, eti?" anandifunsa.

"Amayi anga kwawo ndi ku Zóbuè, shefi."

"Ndiye mwapeza kwanu. Pa shikola ya pa Msikidzi palibe diretora woiyang'anira. Ndatumako amuna atatu, onse msana wawagwira tsiku limodzi. Inu msana wanu uli bwanji?"

Ndinaseka n'kuvomera. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Tsiku limenelo ndinalemba kuti: "Mulungu wandipatsa shikola yangayanga. Ndidzachita chilungamo kwa aliyense, ndipo sindidzaopa munthu." Mawu oti "sindidzaopa" ndinawadula mzere kunsi kawiri.

Ndinakwera lole yonyamula simenti. M'mbali mwa msewu munali mudakali magalimoto owotchedwa pa nkhondo, udzu utamera m'mawindo. Tinachoka ku Moatize thukuta lili kamukamu, koma pofika ku Zóbuè ndinafunda chitenje. Kuchoka pamsika ndinayenda pansi maola awiri, ndipo mayi amene ananditsogolera ankangobwereza kuti, "Pondani pomwe ndaponda, musapatukire kutchire." Pa Msikidzi ndinapeza zipupa zitatu zopanda denga ndi chipinda chimodzi chimene makolo anafolera ndi udzu. Pafupifupi mabanja onse anali atangobwera kumene kuchokera ku misasa ya othawa nkhondo ya ku Mwanza, ku Malawi. Ana aang'ono anabadwira komweko. Atandiona anaimirira n'kundipatsa moni m'Chingelezi, onse pamodzi, mokweza. Nditawayankha m'Chipwitikizi anayang'anana.

Chaka chimenecho

Zosowa zinali zambiri, koma sizimene zimandipweteka ndikamakumbukira. Choko tinalandira kabokosi kamodzi chaka chonse, ndipo katatha tinkalembera makaka a chinangwa chouma. Ana ankaphunzira kulemba pa dothi ndi chala. Mvula ikayamba tinkapanikizana tonse m'chipinda cha udzu chija, magulu anayi, aliyense akuimba zake. Madzulo ndinkapita kumtsinje ndi amayi a m'mudzi, n'kumamva nkhani za amene anabwerera ndi amene anatsala kumanda a tsidya lija. Sindinakhalenso pamalo pena pamene anthu ankafunitsitsa shikola ngati pamenepo.

Chimene sindinkachidziwa ndi kuyang'anira anthu akuluakulu kuposa ine. Aphunzitsi tinalipo anayi, koma ndinena za awiri. A Domingo anali ochokera ku Tete, olembedwa ntchito mokhazikika, ndipo Chipwitikizi chawo chinali ngati cha pa wailesi. Lachiwiri ndi Lachisanu, masiku a msika wa pamalire, sankaoneka. Tinali ndi livuru la pontu, buku limene mphunzitsi aliyense amasainamo akafika m'mawa, ndipo wojomba diretora amamulembera falita ndi inki yofiira. Tsamba la a Domingo linali ngati nkhuku yophedwa yadutsapo. Nditawafunsa anandiyankha akumwetulira kuti, "Senyora Diretora, inu mudakali mwana. Mudzazindikira."

Winayo anali a Layisoni. Anali a zaka za m'ma makumi anayi, obadwira pa Msikidzi pomwepo, koma anathawira ku Malawi nkhondo itafika, ndipo anaphunzitsa ku msasa zaka zisanu ndi ziwiri. Mapepala awo onse anali a Chingelezi, choncho kuno anawalemba pa kontaratu ya chaka chimodzi, yoti azikaikonzanso chaka chikatha. Sankatha kunena kuti Senyora Diretora osapunthwa, ndiye ankangonditcha Madamu. Ndinkawapeza atafika kale, atasesa, akudikira kuti ndibwere ndi livuru asaine. Tsamba lawo linalibe kadontho kofiira ngakhale kamodzi. Tsiku lina mtsinje utadzaza anawoloka malaya ndi nsapato zili pamutu, n'kufika akunjenjemera.

"Bwanji simunadikire madzi atsike, aphunzitsi?" ndinawafunsa.

"Madamu, madzi alibe kalasi. Ine ndili nayo."

Vuto lawo linali limodzi. Chipwitikizi chawo chinali cha giredi yachitatu chimene anaphunzira atsamunda asanachoke, ndipo chinachita dzimbiri. Lamulo la nthawi imeneyo linkati m'kalasi muzimveka Chipwitikizi chokha. Iwo ankalemba liwu pa bolodi, n'kulifotokoza m'Chinyanja, ana n'kuseka, n'kuligwira. Ndinkamva ndili panja. Ndinkadziwanso kuti ana a giredi yachiwiri a a Layisoni ankawerenga kuposa a giredi yachinayi a a Domingo. Ndinawachenjeza kamodzi kokha, mwaulemu kwambiri moti mwina sanamve kuti ndi chenjezo.

Okutobala 1996

A shefi Albino anabwera pa njinga yamoto osatidziwitsa. Linali Lachitatu, choncho a Domingo analipo, ndipo anaphunzitsa phunziro lokoma la mitsinje ya dziko lathu, ana ali duu. A shefi anagwedeza mutu mokhutira. Titalowa kwa a Layisoni tinapeza ana akuwerengera nyemba m'Chinyanja, aliyense akulimbirana kuyankha. A shefi anawafunsa a Layisoni funso lalitali m'Chipwitikizi. Iwo anayankha mawu atatu, awiri olakwika.

Tili panja, pansi pa mtengo wa mpichesi, a shefi anachotsa cholembera kukhutu.

"Diretora, ameneyu ndi mphunzitsi wa dziko liti?"

"Ana ake amawerenga, shefi. Ndipo sanajombepo."

"Amawerenga chiyani? Mayeso adzabwera m'Chinyanja? Anawa akadzapita ku Tete kukafuna ntchito adzawerengera nyemba?" Kenaka anatsitsa mawu. "Sindikukuuzani cholemba. Pepala la kutha kwa chaka ndi lanu. Koma mudziwe kuti chaka chamawa kukubwera anyamata amene atsiriza kosi, ndipo wa kontaratu amene sanapeze Bom sitimusunga. Mukamulembera Bom, mudzabwere mudzafotokoze pamaso pa anzanga chifukwa chake. Nawonso udindo wanu sitinautsimikizebe."

Sanali munthu woipa, ndipo pa nkhani ya mayeso sankanama. Koma ine chimene ndinamva kwambiri ndi mawu otsirizawo.

Pepala la kutha kwa chaka ndi limene diretora amalembapo mmene wantchito wagwirira. Pansi pake pamakhala mzere, ndipo pamzerepo umalemba ndi dzanja liwu limodzi mwa anayi: Muito Bom, Bom, Regular kapena Mau. Awiri oyambawo ndi abwino. Mau ndi woipa. Regular m'Chipwitikizi ndi munthu wa pakatikati, wongoyesako, wosathandiza kwenikweni. Ndinakhala nalo pepalalo milungu itatu m'kati mwa kaderunu. Ndinadziuza kuti Regular si Mau, kuti aphunzitsi ndi osowa ndipo sangachotse munthu. Ndinkadziwa kuti ndikudzinamiza, chifukwa a shefi anali atanena poyera. A Domingo ndinawalembera Bom, ndi inki yofiira yawo yonse ija. A Layisoni ndinawalembera Regular.

Disembala 1996

Wantchito amayenera kuwerenga pepala lake n'kusaina kuti waliona, ndipo ngati sakugwirizana nalo amakhala ndi masiku ochepa odandaulira. Pa Msikidzi panalibe diretora m'mbuyomo, choncho a Layisoni anali asanalionepo pepala lotere. Ndinawaitana tsiku lotsekera, a Domingo atanyamuka kale kupita ku Tete. Ndinali nditakonzekera mkwiyo wawo. Mawu oyankhira ndinali nditawaloweza.

Anapukuta manja pa buluku, n'kulitenga pepalalo ndi manja awiri. Anayendetsa chala pa mizere ya Chipwitikizi, milomo ikugwedera, mpaka anafika pansi. Pamenepo nkhope yawo inawala.

"Regular!" Analitchula m'Chingelezi. "Aa, Madamu! Ndiye mumaona, eti? Ine ndinkayesa kuti mumangotsegula buku n'kutseka."

Sindinamvetse msanga. Iwo anapitiriza, akuseka.

"Kumsasa ahedi athu ankanena liwu lomweli. Ankati mphunzitsi weniweni ndi ameneyu, wosajomba, wofika tsiku ndi tsiku. Zaka zisanu ndi ziwiri sanandilemberepo pa pepala. Inu chaka chimodzi chokha mwalemba. Mulungu akudalitseni, mwana wa eni."

Chingelezi ndinaphunzirako pang'ono ku sekondale, ndipo apo m'pamene ndinakumbukira kuti kumeneko liwu lomwelo, zilembo zomwezo, limanena munthu wosaphonya. Ana anga, panali nthawi yokwanira. Anafunafuna cholembera m'thumba, sanachipeze, ine n'kuwabwereka changa. Ndikanatha kunena kuti, "Dikirani, aphunzitsi, kuno silitanthauza zimenezo." Akanakwiya, akanalemba dandaulo, ndipo livuru la pontu likanawaikira umboni. Koma mtima wanga unapepukidwa kuti palibe mkangano, ndipo ndinakhala chete. Anasaina bwinobwino, n'kundigwira chanza ndi manja awiri.

M'mawa mwake akazi awo, a Nachisale, anandibweretsera dengu la mapichesi. "Abambo akuti mwawalemekeza," anatero atagwada pakhomo. Ndinalandira. M'kaderunu tsiku limenelo muli deti lokha, pansi pake palibe kanthu.

Febuluwale 1997

Mndandanda wa aphunzitsi a chaka chatsopano ndinakautenga ndekha ku Moatize, kutatsala sabata kuti titsegule. Dzina la a Layisoni panalibe. Panali la mnyamata wina wochokera ku kosi. Langa linalipo, ndi mawu otsimikiza udindo wanga. Ndinadikira pa benchi mpaka a shefi Albino atamasuka, n'kuwauza kuti ndinalakwitsa ndipo ndikufuna kusintha pepala.

"Anasaina yekha," anatero. "Masiku odandaulira anali nawo. Bwanji sanadandaule?"

Ndinawafotokozera za liwu lija. Poyamba anaseka mpaka kugwira tebulo. Kenaka kuseka kunatha, n'kundiyang'ana.

"Ndiye iye akukuthokozani, inu munakhala chete?"

"Ndinakhala chete, shefi."

"Chadidi?" Anapukusa mutu. "Mapepala anapita kale ku Tete, mwana wanga, ndipo malo adzaza. Sindingachotse mwana amene boma lamuphunzitsa. Mverani. Kamuuzeni kuti ndi ife a ku ofesi tamuchotsa chifukwa cha mapepala ake a ku Malawi. Kutukwanidwa ndiyo ntchito yathu, tinazolowera. Inu muyenera kukhala nawo anthu amenewo, kutunga nawo madzi. Musadziwotchere nyumba."

Anandipatsa bodzalo mwachifundo, ndipo linali bodza labwino, loti palibe akanalitulukira. Ndinalinyamula pa lole ulendo wonse. Ndinaliyeseza pokwera mapiri, n'kuona kuti likukhala bwino pakamwa. Ndikanalinena, a Layisoni akanapitiriza kundidalitsa, a Nachisale akanapitiriza kundipatsa moni kumtsinje. Koma akanapitanso kwina kukafuna ntchito atanyamula liwu limenelo ngati ulemu, n'kukalionetsa kwa anthu odziwa Chipwitikizi.

Loweruka m'mawa ndinapita kwawo. A Nachisale anandiyalira mphasa n'kukawaitana kumunda. Ndili chikhalire ndinaona pa chipupa, pamwamba pa chitseko, liwu lija litalembedwa ndi makala, zilembo zazikulu zowongoka bwino za mphunzitsi. A Layisoni anafika ndi khasu paphewa, matope mpaka m'mawondo.

"Madamu! Mwatipeza ndi uve. Choko chabwera chaka chino, kapena tiyambe kuyanika chinangwa?"

"Aphunzitsi, khalani pansi. Ndabwera ndi nkhani yoipa, ndipo woipitsa ndine."

Ndinawauza zonse motsatana, m'Chinyanja, osabisala m'Chipwitikizi. Ndinati dzina lawo palibe. Ndinawauza mawu anayi aja ndi tanthauzo la lililonse. Ndinati ndinalemba ndine, popanda wondigwira dzanja, chifukwa ndinaopa kukaima pamaso pa akuluakulu. A Nachisale anaimirira n'kulowa m'nyumba. A Layisoni anakhala akuchotsa matope pa khasu ndi kamtengo.

"A Domingo munawalembera chiyani?"

"Bom."

"Bom ndimaidziwa," anatero. "Ndinkayesa kuti Bom ndi ya aliyense, koma ili mwachita kundisankhira ine." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Tsiku lija ndikuvina pamaso panu paja, inu mukudziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Cholembera munandibwereka ndinu."

"Ndine."

Anapitiriza kuchotsa matope pa khasu lija. Nkhuku zinadutsa pakati pathu. Ndinkafuna anditukwane, koma iwo anati, "Kulemba kuja sindikukuimbani mlandu kwambiri. Chipwitikizi changa ndimachidziwa ndekha, n'chothyoka miyendo. Koma mukanandiuza, Madamu. Munthu wamkulu ngati ine, kulemba chitonzo changa pakhomo panga, alendo n'kumawerenga." Anayang'ana kuchitseko, n'kubweza maso msanga. "Ana anga aja awatenga ndani?"

Ndinati mnyamata watsopano.

"Chinyanja amachidziwa?"

"Sindikudziwa."

"Muli ndi polemba?"

Ndinatulutsa mndandanda womwe uja n'kuutembenuza. Anayamba kutchula ana awo mmodzimmodzi, osayang'ana paliponse, monga anakhalira m'kalasi. Esinati samva khutu lamanzere, muzimukhazika kutsogolo cha kumanzere kuti khutu labwino liloze kwa mphunzitsi, ndipo asamukalipire kuti ndi wamwano. Mapasa a kwa a Jere asakhale pamodzi, mmodzi amalembera mnzake. Fulanki akamva njinga yamoto amalowa pansi pa benchi, musamuseke, anaona zinthu panjira. Luwiza amadziwa yankho koma sakweza dzanja, muzimutchula dzina. Anatchula ana makumi asanu ndi mmodzi. Pepala linadzaza, ndinapitiriza m'mphepete. Atamaliza anaimirira n'kunyamula khasu.

"Mwachita bwino kubwera nokha," anatero. "Koma musabwerenso msanga."

Zaka zotsatira

Ndinalembera a shefi makalata awiri opempha kuti malo akapezeka awaganizire. Malo sanapezeke chaka chimenecho. A Layisoni atakolola anagulitsa mbuzi zawo n'kubwerera ndi banja ku Mwanza, kumene ankati shikola ina ya mpingo inkawadziwa. Sanadzanditsanzike, ndipo sindinayembekezere kuti atero. Amayi a kumtsinje anandizizira miyezi ingapo, kenaka anayambanso kundilankhula.

Pa Msikidzi ndinakhala zaka zisanu ndi chimodzi. Pambuyo pake anandibweza ku Moatize, ndipo ndinayang'anira aphunzitsi ambiri, ku Chipanga, ndi ku Mualadze anthu atasamutsidwirako. Ena ndinawalembera Mau, ndipo sindikudandaula. Koma sindinapatsenso munthu pepala kuti asaine ndisanamukhazike pansi n'kumuuza m'chilankhulo cha kwawo chimene ndalemba, chifukwa chake, ndi zimene zimuchitikire. Anzanga ankati ndimachedwetsa ntchito. Nthawi inafika pamene boma linalola kuti ana ayambe kuphunzira m'chilankhulo chawo, ndipo ananditumiza ku maphunziro kukamva njira yatsopanoyo. Ndinakhala kumbuyo, ndikumvera akatswiri akufotokoza zimene ndinkazimva ndili panja pa chipinda cha udzu.

Ndafunsa za iwo kambirimbiri. Wina anati anawaona ku Neno, wina anati anamwalira, wina anati ayi, amene anamwalira ndi mkulu wawo. Ndikapita ku Zóbuè tsiku la msika ndimayang'anitsitsa madoda oyendetsa njinga ochokera tsidya lija, mpaka ena amandifunsa ngati tikudziwana. Ngati ali moyo ndi okalamba kwambiri tsopano, koma ine ndimafunabe munthu wa zaka makumi anayi.

Zeka, iwe umadutsa pamalire ndi lole mwezi ndi mwezi. Ukamaima pa Mwanza uzifunsako za a Layisoni a pa Msikidzi, amene ankaphunzitsa kumsasa. Ukadzawapeza, kapena mwana wawo, usadzawapepesere ine, zimenezo ndinanena ndekha. Udzangowauza kuti Esinati tinamukhazika kutsogolo cha kumanzere mpaka anatsiriza, ndipo pano ndi namwino.